Phini wa Malemu Teleza

Mukafika pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni n'kufunsa za a Fraser Muhaniwa, musayembekeze yankho limodzi. Aliyense ali ndi mbali yake ya nkhaniyi, ndipo aliyense amalumbira kuti analipo. Onse amene amati analipowo akanakhala kuti analipodi, ndiye kuti tsiku limenelo m'munda simunatsale wothyola tiyi ngakhale mmodzi.

A Fraser anabadwira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti yomweyo. Bambo awo anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique atasenza mphasa ndi nkhuku imodzi, ndipo nkhukuyo akuti inadyedwa tsiku limene analembedwa ntchito. A Fraser nawo anayamba ndi kuthyola tiyi, koma zala zawo zinali zachidodo. Kapitawo wa nthawi imeneyo ankati amathyola masamba ngati akusankha mkazi. Sananame kwenikweni, poti m'munda momwemo ndi mmene anasankha Teleza, mtsikana wa dengu lodzaza msanga ndi pakamwa posatseka. Atakwatirana anapita kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, ndipo anthu ankati m'nyumba imeneyo mawu onse analembetsedwa m'dzina la Teleza, a Fraser anangopatsidwa "eya" ndi "chabwino".

Kumunda kutawakanika anawatumiza kufakitale, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka anafika ku sotingi, chipinda chimene tiyi wouma amasefedwa ndi kupatulidwa, wabwino uku wafumbi uko, asanalowe m'matumba. Kumeneko anakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Fumbi la tiyi linawalowa m'nsidze, m'makutu, mpaka m'makwinya a pakhosi, moti mnzawo Dickson ankati mutawaviika a Fraser m'dilamu ya madzi otentha mukhoza kumwetsa mpingo wonse. Iwo sankadandaula. Ku sotingi kulibe mvula, kulibe njoka, ndipo munthu wa kumeneko akamadutsa, othyola amamupatsa moni ndi manja awiri. Chuma chawo chinali chomwecho. Analibe njinga, analibe mbuzi, koma anali munthu wa ku sotingi.

Teleza anamwalira mu Febuluwale, atadwala chifuwa sabata imodzi yokha. Atabwerako kumanda, a Salome, akulu ake a malemuyo, anang'amba kansalu kakuda kotalika ngati chala, n'kukamangirira pa malaya a a Fraser ndi phini. Phiniyo anali wa Teleza yemwe, wamkulu, wachikasu, amene ankamangira chitenje akamalowa m'munda.

"Alamu," anatero a Salome, "kansalu aka ndamanga ndine, ndipo wodzamasula ndine. Chimanga chikalowa m'nkhokwe tidzakusudzulani, mudzakhale mfulu. Koma ndikangomva kuti mwachotsa nokha, ndidzadziwa kuti muli ndi wina pamsika pa Bvumbwe."

A Fraser anati, "Eya." Pamsika pa Bvumbwe anali atapondapo kawiri moyo wawo wonse.

Mwezi wa Epulo kufakitale kunabwera maphunziro. Akuti ogula tiyi a kunja anali atayamba kufunsa zambiri, ndipo oyendera akabwera n'kupeza zosalongosoka, fakitale ikhoza kulandidwa chiphaso. Wophunzitsa anali Madamu Tisungane a ku ofesi yoona za ukhondo wa tiyi, mayi wochepa thupi koma wa mawu ofika kugeti. Masiku atatu athunthu anthu a imvi zawo anakhala pa mabenchi kuphunzitsidwa kusamba m'manja.

"Zaka makumi asanu ndakhala ndikusamba molakwika," Dickson ananong'ona, "koma taonani, ndikadali moyo."

"Bambo Dickson, mwati chiyani?"

"Ndati sopoyu ndi wonunkhira, Madamu."

Anawauza za zikhadabo, za chipewa chophimba tsitsi, za kusatafuna chinangwa pafupi ndi makina. Kenako anafika pa zovala. M'fakitale musalowe mphete, ndolo, wotchi, mkanda, ngakhale batani logwedera. Azimayi ena anayang'anana pa nkhani ya mikandayo, koma palibe anafunsa kuti Madamu adzaiona bwanji. Madamu anaonetsa zithunzi za zinthu zimene zinapezekapo m'zakudya m'mafakitale ena: msomali, kagalasi, dzino la munthu. Dzinolo linasekedwa kwambiri.

"Sekani," anatero Madamu. "Koma amene anatsegula paketiyo sanaseke. Tiyi wathuyu amamwa anthu amene sitidzawaona. Wina ndi nkhalamba ya maso ofooka, wina ndi mwana amene mayi ake amutuma kukatapa masamba ndi dzanja. Iwo sangabwere kuno kudzationa ngati tasamba. Amangotikhulupirira."

Dickson anakweza dzanja. "Nanga maginito aja ali pa lamba woyendetsa tiyi ndi a ntchito yanji?"

"Maginito amagwira chitsulo, bambo. Mkuwa sagwira, pulasitiki sagwira, nsalu sagwira. N'chifukwa chake lamulo likuti, chilichonse chikakutayikani muli mkati, nenani nthawi yomweyo. Tiyi wa shifiti imeneyo timamutsekera mpaka chipezeke. Koma amene walowetsa chinthu choletsedwa adziwe kuti malo ake m'fakitale atha."

A Fraser anamva zonsezo. Anamvanso phini akuwakanda pachifuwa. Anafuna kufunsa ngati lamulolo likukhudzanso anamfedwa, koma munthu amene sanafunsepo funso m'nyumba mwake sangayambire pamaso pa anthu makumi asanu ndi atatu. Pobwerera kumudzi anaganiza njira yonse, ndipo pofika pa mlatho anali atapeza nzeru. Madamu analetsa zooneka. A Salome analetsa kuchotsa. Koma palibe analetsa kusamutsa. Anachotsa kansaluko pa malaya n'kukamangirira pa vesiti, mkati mwa ovolosi, pamene sangaone Madamu kapena woyendera wa dziko lililonse. Anaona kuti akondweretsa boma ndi mizimu nthawi imodzi, ndipo analandira satifiketi yawo ndi manja awiri.

Zinayenda bwino masabata asanu. Lachinayi lina m'mawa tiyi anaunjikana pakamwa pa makina, lamba n'kuyamba kulira. Kunali kotentha, ndipo a Fraser anali atatsitsa zipi ya ovolosi mpaka pamimba. Anawerama pa bini yolandira tiyi, chifuwa chitatsamira m'mphepete mwake, n'kusalaza tiyiyo ndi dzanja monga anachitira kambirimbiri. Makina anayambanso kuyenda. Masana akupita kukadya anapisa dzanja pachifuwa, monga anazolowera kuchita akafuna kumuuza Teleza kuti lero ndi nyemba kachiwiri. Anapeza vesiti yokha ndi timabowo tiwiri.

Anafufuza m'ovolosi, m'jombo, pansi pa bini, kuchimbudzi, njira yonse mpaka kugeti. Anasesa chipinda chonse mosatumidwa, kapitawo mpaka kuwayamika. Weruko itakwana anapita pa maginito n'kuyang'ana zimene anagwira tsikulo: tizitsulo tating'ono ngati mchenga, ndi kawaya kamodzi. Apo m'pamene anakumbukira mtundu wa phini uja. Wachikasu. Wamkuwa.

Tiyi wa m'mawa umenewo anali atasokedwa kale m'matumba makumi asanu ndi limodzi, ataunjikidwa m'nyumba yosungira, kudikira lole ya Lolemba.

Lachisanu anamukokera Dickson kuseri kwa boyila n'kumuuza.

"Mwauzanso ndani?"

"Iwe wekha."

"Ndiye zathera pompano. Achimwene, mwatsala ndi zaka zinayi kuti mupume. Mukufuna mukapumire kutchetcha udzu? Ndiponso azungu tiyi amasefa. Phini wamkulu ngati uja angadutse pa sefa? Akamupeza adzangoti ndi mphatso ya ku Malawi."

"Nanga nkhalamba ija?"

"Nkhalamba iti?"

"Ya maso ofooka."

"Ija ndi ya m'mutu mwa Madamu! Simunaone kuti analibe chithunzi chake?" Dickson anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Komanso taganizani. Mlamu wanga Teleza ankadandaula kuti simunamufikitse ngakhale ku Limbe. Lero akwera lole, akwera sitima ya pamadzi, osalipira. Musiyeni ayende."

Dickson ananena zimenezo pofuna kuwaseketsa, koma n'zimene zinawalanda mtendere wonse. Kufikira pamenepo ankaganiza kuti ataya phini. Tsopano anayamba kuona kuti amusokera mkazi wawo m'thumba.

Teleza anali mayi amene sankalola kamwala m'nyemba. Ankakhala pakhonde ndi lichero, kusankha imodzi imodzi uku akunena anthu a mudzi wonse, ndipo mlendo akaluma mchenga m'ndiwo zake Teleza ankadwala nazo masiku awiri. Mayi ameneyo ndi amene tsopano amati akabise phini m'chakumwa cha munthu wosamudziwa. A Fraser akalowa m'nyumba yosungira, ankaona ngati matumba aja akuwayang'ana. Makina osefera, amene kwa zaka zonsezi ankangoti gwedegwede, anayamba kutsokomola, ndipo chifuwa chake chinali chodziwika. Pa nthawi ya tiyi wa teni koloko ananyamula kapu, n'kuyang'ana mkati, n'kuibweza. Anzawo anati a Fraser alowa mpingo woletsa tiyi.

Lamlungu kunatentha, koma iwo anapita kutchalitchi atavala jekete, mabatani onse otseka. A Salome anawayang'ana kuyambira nyimbo yoyamba mpaka chopereka.

"Alamu, mwadwala malungo?"

"Pang'ono."

"Kapena mwayamba kutchena? Mwezi wa mawa si kutali, pirirani."

A Fraser anati, "Chabwino," thukuta likutsika m'khosi.

Lolemba kunacha ndi chiperoni. Nkhungu inatsika m'mapiri n'kukwirira minda yonse, moti munthu ankaona mizere itatu yokha ya tiyi, kutsogoloko kuli mbee. A Fraser anadzera njira yachidule ya m'munda wa nambala seveni, umene Teleza anathyolamo zaka zake zomaliza. Othyola anali asanayambe, belu linali lisanalire. Koma patsogolo pawo, pakati pa mizere, panali mayi mmodzi, dengu kumsana, atawerama, manja akuyenda msanga. Chitenje chake chinali chomasuka mbali imodzi, chikukwekwereza pa masamba onyowa, ndipo mayiyo ankati akathyola pang'ono n'kuchikokera m'mwamba, akathyola n'kuchikokeranso, ngati munthu amene alibe chomangira.

A Fraser anaima. Anapereka moni wa Chilomwe, umene ankapatsana ndi mkazi wawo m'mawa uliwonse.

"Mosheliwa?"

Mayiyo sanayankhe, ndipo sanatembenuke. Teleza wamoyo sakanatha kumva moni osabweza ndi nkhani zitatu pamwamba. Ankakhala chete pokhapokha akakwiya kwenikweni, ndipo m'zaka makumi atatu za ukwati zinachitika kawiri kokha. Nkhungu inakhuthala, ndipo itapepukanso panali tiyi yekha.

Anthu amatsutsana za mayi ameneyu mpaka lero. Ena amati anali mkazi wa mlonda, amene ndi wogontha khutu limodzi ndipo amakonda kulawirira kuti adzaze dengu anzake asanafike. Mkazi wa mlondayo amati tsiku limenelo anali kuchipatala. Koma mkazi wa mlonda amakananso zambiri.

A Fraser atafika kufakitale anapeza lole itayimikidwa chambuyo pakhomo pa nyumba yosungira, matumba khumi ndi awiri atakwezedwa kale. Dickson atawaona akulunjika ku ofesi anawagwira mkono.

"Achimwene, ganizani bwino."

"Ndaganiza masiku anayi. Ndatopa."

Anagogoda, anavula chipewa, n'kuima pakhomo ngati mwana wa sukulu wochedwa. Madamu Tisungane anali akulemba.

"Bambo Muhaniwa, lowani. Kwagwanji?"

"Madamu, ndataya katundu."

"Katundu wanji?"

"Phini. Ndi kansalu ka maliro a mayi a kunyumba."

"Mwataya kuti?"

"M'tiyi wa Lachinayi."

Cholembera chinaima. Madamu anawayang'ana, anayang'ana pawindo pamene panali lole, n'kutuluka liwiro limene anthu sankadziwa kuti ali nalo. Mawu awo anamveka mpaka kumalayini: "Tsitsani! Tsitsani onse!" Dalaivala anatukwana m'zinenero zitatu. Atabwerera mu ofesi, Madamu anatseka chitseko.

"Lachinayi, bambo. Lero ndi Lolemba. Pa maphunziro paja munalipo?"

"Ndinalipo. Satifiketi ndinaikhoma pakhoma."

"Nanga bwanji simunandifunse za kansaluko? Tikanapeza njira. Mukanamasiya kugeti m'kabokosi, poweruka n'kumavalanso."

"Wochotsa ndi alamu anga okha, Madamu."

"Koma pa malaya munachotsa ndinu."

A Fraser anaganiza kaye. "Kumeneko kunali kusamutsa."

Akuti Madamu anaphimba kumaso ndi fayilo, ndipo mapewa awo anagwedezeka. Kaya ankaseka kaya ankalira, mlembi amene ankasuzumira pa bowo la kiyi sanathe kuona bwino.

Matumba onse makumi asanu ndi limodzi anatsegulidwa. Masiku awiri anthu a ku sotingi anakhala akukhuthula tiyi ndi kumudutsitsanso pa sefa, thumba limodzi limodzi, Madamu ataima pomwepo ndi bukhu. Fumbi linadzaza chipinda, anthu akuyetsemula ndi kutchula dzina la a Fraser m'njira zimene sizilembedwa. Iwo anagwira nawo ntchitoyo osakweza mutu. Dickson, amene anawalangiza kukhala chete uja, ndi amene anakhuthula matumba ambiri kuposa aliyense, uku akuuza anthu kuti iyeyo ndi amene anawalimbikitsa a Fraser kukanena.

Lachiwiri madzulo, pa thumba la makumi anayi ndi chimodzi, china chinati ngwee pa sefa. Anali phini uja, atadetsedwa ndi fumbi. Anali wotsegula, nsonga ili panja, yakuthwa ngati tsiku limene anagulidwa. Mayi wina amene anatukwana kwambiri dzulo lake anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mayo, munthu akanapisa dzanja mmenemo."

Kansalu kakuda sikanapezeke. Anamaliza matumba otsalawo, anabwerezanso ena, anasesa pansi pa makina, anatsegula ngakhale mapaipi okoka fumbi. Madamu analemba mu lipoti kuti kayenera kuti kanagwera panja pa tiyi, poti sefa sakanakalola kudutsa, ndipo bwana wamkulu anasayina. Tiyi anasokedwanso, lole inanyamuka Lachinayi.

Nkhani ya phini wotsegulayo inafika kumudzi a Fraser asanafike. Makaniko wa pafakitale anati phini amatseguka yekha akamagubuduzika m'makina. Azimayi a kumpingo anati makaniko ndi mwana, sadziwa kanthu: phini wa Teleza sanatsegukepo yekha zaka makumi awiri m'munda, ndiye watsegula ndi mwini wake. A Salome anamva mbali zonse ziwiri, anawayang'ana alamu awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti, "Mng'ono wanga uja sankadikira munthu. Ngakhale pamenepa wandilanda ntchito." Za pamsika pa Bvumbwe sanazitchulenso.

Kufakitale lamulo linagwira ntchito yake. Madamu anawalankhulira kwa mabwana kuti munthu wodzinenera yekha asachotsedwe ntchito, apo ayi palibenso amene adzanene kanthu, ndipo mabwana anavomera theka. Sanawachotse, koma ku sotingi anawatulutsa. Anawatumiza ku nkhuni, kuseri kwa fakitale, kumene amaunjika mitengo ya bulugamu yopita ku boyila. Kumeneko kuli mvula, kuli njoka, ndipo othyola akamadutsa amangokweza dzanja limodzi. Patatha miyezi iwiri nsidze zawo zinayera, anthu n'kuzindikira kuti a Fraser anali ndi imvi kalekale, tiyi ndi amene ankawabisira.

Phiniyo sanawabwezere. Ali m'kathumba ka pulasitiki mu ofesi, ndipo Madamu amamutulutsa pa maphunziro a antchito atsopano, pambuyo pa chithunzi cha dzino lija. Satchula dzina, koma onse amatembenukira pawindo loyang'ana ku nkhuni.

Kumeneko a Fraser akugwirabe, ndipo sachedwa. Koma Lachisanu lililonse, belu la weruko likalira, amasamba m'manja bwinobwino, kuwerenga mpaka makumi awiri monga anaphunzitsidwa, n'kupita pawindo la ofesi, chipewa m'manja.

"Madamu, kunja kuja sikunabwere kalata?"

"Kalata yanji, bambo Muhaniwa?"

"Yodandaula. Kuti mwina wina wapeza kansalu."

"Palibe, bambo. Tiyi uja anafika bwino, ndipo pofika pano anamwedwa kale. Mtima ukhale pansi."

"Eya." Amatembenuza chipewa m'manja. "Koma ikadzabwera, musadzangoiyika m'fayilo. Mudzandiwerengere dzina la dzikolo."

Madamu amalonjeza. A Fraser amathokoza, amavala chipewa, n'kutsika njira ya kumudzi. Kukakhala chiperoni amadzera mumsewu waukulu, ngakhale ndi wozungulira.